Moto wa Kuchikazi

"Ndiye mukuti mwanayu ndamudwalitsa ndine?"

Maria anafunsa ali chigwadire pakhonde, akupukuta phala limene linkatsetsereka pachibwano cha Chawanangwa. Mawu ake sanakwere n'komwe. Anatuluka ngati mmene munthu amafunsira mtengo wa tomato pamsika.

Mwamuna wake, Macpherson Luhanga, anali pampando wapulasitiki atavala kale tayi wa kuntchito. Anali mphunzitsi wa bayoloje pa sekondale ina m'tauni ya Nkhata Bay, ndipo anthu ankamutama kuti mwana angaume mutu bwanji, akalowa m'kalasi mwake amatulukamo atamva. Pambali pake panakhala mlongo wake wamkulu, Edith, mwini golosale ya pafupi ndi msika. Edith anakwera chitunda m'mamawa umenewo ati kudzaona wodwala, koma chifikire wodwalayo anali asanamukhudze ngakhale chala.

"Sindikunena ndine, amake Shalom," anatero Macpherson. "Ikunena ndi sayansi."

Anasolola choko m'thumba n'kunjuta pasimenti. Munthu wake anali wotero, mkangano wa m'nyumba nawonso ankauphunzitsa ngati ali ku Folomu 3. Anajambula chinthu chozungulira, nati thupi la munthu linamangidwa ndi tizipinda tosaoneka ndi maso totchedwa maselo, ndipo m'selo iliyonse muli antchito. Anajambula timizere topindika tosanjikizana, nati ameneyo ndi Goloji, ntchito yake ndi yonga ya padoko kumunsiku: kulandira katundu amene selo yapanga, kumumanga bwino, kusankha kuti uyu ngwa ku Likoma uyu ngwa ku Usisya, n'kumutumiza. Kenaka anajambula tinthu tonga nyemba.

"Koma doko silingagwire ntchito popanda mphamvu. Iti ndi timbaula ta m'thupi, dzina lake maitokondiriya. Phala mukumupatsalo limakapsa umu, ndiye munthu amapeza mphamvu yoyendera, yomezera, yophethira. Ta Chawanangwa tikuzima. Tsono mvetsani apa. Zina zonse mwana amatenga theka kwa bambo, theka kwa mayi. Koma timbaula iti amatengera kwa mayi yekha. Bambo saponyamo ngakhale khala limodzi."

Anadzuka n'kusasa choko m'manja. Maria anamuyang'ana kumaso, ndipo chimene anaonapo sichinali chisoni. Munthuyo anali atapepukidwa.

Chawanangwa anali ndi zaka zinayi. Chaka chatha ankathamangitsa nkhuku pabwalo lomwelo. Tsopano ankangogona pamphasa, khosi lili lende, zikope zitatsika, ndipo supuni imodzi ya phala inkamutengera nthawi imene mnzake amatha mbale yonse. Maria anakumbutsa mwamuna wake, modekha, zimene anamva sabata yathayo ku chipatala chachikulu ku Mzuzu. Dokotala wa ana uja, kudzera mwa namwino womasulira, anati inde nthendayi ikuoneka ngati ya timbaulato, koma nthawi zina imachokera kwa mayi yekha, nthawi zina kwa bambo ndi mayi pamodzi, ndipo kuti munthu adziwe zenizeni pafunika kupima kumene kuno kwathu sikuchitika. Mawu akuti "nthawi zina" Maria anawamva ndi makutu ake.

Macpherson anaseka pang'ono. Anati namwinoyo ankangomunyengerera, iye ndiye anamva Chingerezi chenichenicho kuchokera pakamwa pa dokotala. Anafunsanso kuti mwa awiriwo, amene amaphunzitsa zimenezi chaka ndi chaka ndani.

Apa ndi pamene Edith anakonza chitenje chake n'kulowererapo, mawu ali ofewa ngati a mayi wa mvano pamaliro.

"Alamu, musatimve molakwa. Tsoka silinunkha, ndipo palibe akuti munachita dala, yayi. Koma kwathu, kuyambira agogo athu, mwana wofooka chonchi sanabadweko. Ife tinkayesa walodzedwa, tazungulira naye m'mapemphero mpaka nsapato kutha. Lero sukulu yatiuza poyera kuti moto wozimawu ngwa kuchikazi. Nanga titani?"

Titani wakeyo anali atamuphika kale kugolosale. Maria apite kwawo ku Ntcheu ndi Chawanangwa, akapitidwe mphepo ya kwawo. Banja lithere pomwepa, kuopa kuchulutsa ana ogona pamphasa. Koma Shalom, mwana wawo woyamba, mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, atsale. Ameneyo ngwa a Luhanga, pajatu malowolo anaperekedwa. Ankhoswe adzakhala pansi sukulu ikamatsekera kuti nkhani ithe mwaulemu.

Maria anadikira kuti mtima umupweteke. Sunamupweteke. Munangoti zii, ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali. Anatunga phala lina n'kudikira kuti mwana ameze la poyamba.

Mawa lake anabereka Chawanangwa n'kutsika kumaofesi a boma, kumene mchimwene wake Lyton ankagwira ntchito ya ukalaliki. Lyton ndiye anabwera naye ku Nkhata Bay kuno akadali mtsikana, ndiponso ndiye anali nkhoswe yake. Atamuona pakhomo, sanamulowetse. Anamutengera kuseri kwa ofesi, pansi pa mtengo wa mango, kumene amesenjala amaimikako njinga.

Maria anafotokoza zonse. Anati Chawanangwa apita naye, ameneyo ngakhale akanamuletsa sakanamusiya. Banja likafuna kutha lithe. Koma Shalom ayi. Kwawo ku Ntcheu mwana ngwa mayi, ndipo mwini mbumba ndi malume. Malumewo ndi amene anaima patsogolo pakewa.

Lyton anakanda m'mutu nthawi yaitali. Vuto linali lakuti pa nthawi ya ukwati, a Luhanga atabwera ndi nkhani ya malowolo, Lyton ndi akuluakulu a ku Ntcheu analandira ndi manja awiri. Ankayesa ndi chiwongo chabe chimene chanenepa, ulemu wa anthu a kumpoto. Anadya, n'kupukuta pakamwa, n'kumayamika kuti mlongo wawo wagwera pabwino. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti kodi zimenezi zikugula chiyani.

"Achemwali, wakwata kwa mphezi saopa kung'anima," anatero Lyton, maso ali pa njinga za amesenjala. "Mwambo wawo ndi umenewo. Komanso alamu ndi munthu wophunzira, sanganene zinthu zoti m'buku mulibe."

Maria anatchula za kukhoti. Lyton anachita ngati walumidwa ndi linthumbu. Anati kukhoti akafunsa kuti wolandira malipiro pamwezi ndani, nanga wogulitsa mandasi ndani. Anati tauni ino ndi yaing'ono, iye ndi alamu akewo amakumana pa bawo Loweruka lililonse, nkhani za m'banja sazipachika pamtengo. Analonjeza kuti tsiku la ankhoswe adzavala jekete n'kubwera. Mwini mbumba ameneyo, abale! Anamugulira Chawanangwa kabotolo ka zakumwa, chonsecho mwanayo anali atasiya kalekale kumwa zinthu zotere osatsamwa.

Masiku otsatira Macpherson anasamukira pabalaza. Ankadya yekha, n'kumachonga mapepala a ana asukulu wailesi ili pakhutu. Maria ankadzuka, kukazinga mandasi, kusambitsa Chawanangwa, kumubereka, n'kutsika chitunda beseni lili pamutu. Ankakhala pachipata cha msika, mwana atamugoneka pachitenje pambali pake. Zonsezi ankazichita bwinobwino, koma ngati akuonerera mayi wina amene akuzichita.

Tsiku lina masana panadutsa gulu la ana a sekondale ali mu yunifomu. Anaima chapatali, akukodolana ndi zigongono. Mnyamata wina ananong'ona, koma kunong'ona kwake kofika kutsidya kwa msewu, kuti ndi amenewo, mayi a maitokondiriya aja. Anzake anaseka atagwira pakamwa. Mtsikana mmodzi amene ankakonda kugula mandasi kwa Maria anatsalira, ndipo Maria atamufunsa, anayankha akuyang'ana pansi. Anati aphunzitsi pophunzitsa za selo anapereka chitsanzo cha kunyumba kwawo. Anawauza anyamata kuti podzakwatira aziyamba afufuza kuchikazi, asadzaone zimene aona iwo. Kalasi yonse inamvetsa, ati ngakhale aja amagona kumbuyo.

Ana aja anakafotokozera amayi awo, ndipo pofika pa mabenchi a usipa nkhaniyo inali itamera nyanga. Tsopano zinkamveka kuti mkazi wa aphunzitsi ali ndi tizilombo m'mimba toyamwa ana mphamvu, ndipo makina a ku Mzuzu anationa. Mayi wina wogulitsa chinangwa, amene nthawi zonse ankamusiyira Maria khanda akamapita kukataya madzi, anayamba kulisiya kwa wina wa kutali. Mandasi anayamba kubwerera kunyumba. Ngakhale tsiku lofika sitima ya Ilala, pamene ngakhale wogulitsa nthochi zakuda amatha katundu, beseni la Maria linatsala theka. Akanamunena kuti ndi mfiti bwenzi zili bwinoko, poti wotchula mnzake mfiti amatha kusumiridwa. Nanga mawu a Chingerezi otalika chonchi, ochokera m'buku la boma, ungakawasumire kwa yani?

Nthawi yomweyo Edith anabwera kudzatenga Shalom. Anati mwana asamagone m'nyumba ya matenda pamene mayeso ayandikira, akakhale kaye kugolosale. Anamugulira nsapato zatsopano ndi chikwama cha zipi. Koma Shalom akaweruka kusukulu ankathamangira kumsika kaye. Ankafika ali wefuwefu, kuponya chikwama pansi, n'kugwada pa mlongo wake. Ankamuimbira nyimbo za kusukulu molakwitsa dala, ndipo Chawanangwa, amene sankathanso kuseka mokweza, ankakweza mbali imodzi ya mlomo. Pa anthu onse a pa dziko, Shalom yekha ndiye ankatha kutulutsa kamlomo kameneko.

Tsiku lina Maria akumumasula tsitsi pachipata pomwepo, Shalom ananena kuti ankhazi ake, ndiye kuti Edith, amuuza kuti sukulu ikatsekera apita ku Mzuzu, akayamba sukulu ya mpanda kumene ana amapita pa galimoto.

"Inu ndi Chawa mubwera liti, amama? Kapena mutsogola?"

Maria anati mutu uwu uli ndi mfundo zambiri, akhale bwino. Zala zake zinapitiriza kumasula, koma mumtima munalowa kanthu, koyamba chiyambire nkhaniyi. Sichinali chisoni. Anali mantha, ndipo anabwera n'kukhala.

Lamulungu masana anapeza mwamuna wake akusita malaya pabalaza. Anaima pakhomo, Chawanangwa ali kumsana.

"Bambo a Shalom, ndifunseko za sukulu yanu ija. Mwati moto wa Chawanangwa ngwanga ndekha. Nanga wa Shalom ngwa yani?"

Simbi inaima pamalaya. Macpherson anati Shalom ndi nkhani ina, wadutsa kale msinkhu woopsa, ndiponso aliyense akuona kuti mwana ameneyo anatengera kwa a Luhanga, miyendo yake yomwe. Maria anati iye amayesa bambo saponyamo ngakhale khala limodzi. Apo Macpherson anakweza mawu, nati zinthu zimene munthu sanaziphunzire asamazitole pakamwa pa ena, ndipo mawu amenewo asadzawatchulenso m'nyumba muno. Fungo la nsalu yopserera linadzaza pabalaza. 

Maria anabwerera kukhitchini akuganiza. Chiyambire tsiku limene Chawanangwa anakomoka koyamba, n'kuuma thupi lonse maso atatembenuka, bambo ake anali asanamunyamulepo. Akamadzionongera, iwo ankatuluka kukaona nyanja. Akamatsamwa, ankakweza wailesi. Maria ankayesa ndi kuuma mtima. Tsiku limenelo anazindikira kuti munthuyo sankadana naye mwana wake. Ankamuopa.

Ankhoswe anakumana Loweruka m'mawa, sukulu itatsekera dzulo lake. Ku mbali ya mwamuna kunabwera Paston, mkulu wake wa Macpherson, mwini maminibasi awiri oyenda msewu wa kunyanja. Edith anakhala pafupi naye, atabwera ndi Shalom pamodzi ndi chikwama cholongedza kale cha ku Mzuzu. Lyton anabweradi ndi jekete. Maria anakhala pamphasa pafupi ndi chitseko. Ana anawatulutsa pakhonde, Shalom akulera mlongo wake, koma zenera la pabalaza linali lopanda galasi limodzi ndipo aliyense ankadziwa zimenezo.

Paston anatsegula ndi pemphero lalitali, lopempha mtendere ndi kumvana. Atatero anayamba kuyala nkhani. Anati iwo a Luhanga si anthu othamangitsa mkazi ngati galu. Mlamu wawoyu wakhala nawo bwino, sanabe, sanayende ndi amuna, ndipo akanakhala matenda wamba bwenzi akupirira limodzi, poti mutu umodzi susenza denga. Koma apa akatswiri anena, ndipo mng'ono wawo, amene ndi katswiri payekha, watsimikiza. Madzi akatayika saoleka. Iwo safuna kuti chilichonse chibwezedwe, zimene zinapita ku Ntcheu zinapita. Wodwala apite ndi mayi ake poti mwana wodwala ndi wa mayi. Wamoyo atsale pa mtundu wake.

Wamoyo. Anatero ndithu, ndipo palibe anamukonza.

Lyton anatsokomola, n'kunena kuti iwo a kuchikazi amva, ndipo akuthokoza kuti nkhani yayenda mwaulemu. Anati akulu ndi m'dambo mozimira moto. Anapempha chabe kuti Shalom azibwera ku Ntcheu pa tchuthi. Edith anati zimenezo adzaona mmene sukulu ya ku Mzuzu izidzayendera. Lyton anati zikomo kwambiri.

Basi nkhani inali itatha. Paston anali atayamba kale kusuzumira pa foni kuti aone ngati minibasi yake yadzaza. Pongofuna kukwaniritsa mwambo, anafunsa ngati mlamu ali ndi mawu otsiriza.

Maria sanakonzekere. Kapena anakonzekera osadziwa, kuyambira tsiku la simbi lija. Anamva pakamwa pake pakutseguka, ndipo mawu anatuluka osalala, opanda kunjenjemera.

"Ndamva, ndipo sindikutsutsa. Shalom mutengeni. Ndingopempha alamu anga a Edith, poti ndinu muzikhala naye, kuti muzimuonetsetsa pokwera chitunda. Masiku ano akumapuma panjira. Dzuwa likapendeka, chikope cha kumanzere chikumatsika. Mlongo wakeyu anayamba chomwecho."



Linali bodza. Shalom anali atakwera chitunda chomwecho m'mawa umenewo akudumpha miyala, Edith akumukalipira m'mbuyo kuti adikire. Maria ankadziwa kuti ndi bodza, ankadziwanso kuti zenera lilibe galasi. Anapitiriza.

"Akadzayamba kutsamwa, phala muzidzasefa, ndipo muzidzamukhazika tsonga pomudyetsa. Supuni imodzi, mudikire, ina. Musadzamufulumizitse ngakhale kugolosale kuli anthu. Akadzakomoka musadzamuike kanthu m'kamwa, mudzangomugoneka cham'mbali mpaka zitadutsa. Muzidzamutembenuza pafupipafupi kuopa zilonda. Zodzionongera muzidzachapa nthawi yomweyo, zikauma sizichoka. Uyu ndi wamkulu, adzalemera kuposa mlongo wake, ndiye pomunyamula muzidzathandizana ndi bambo ake."

Edith anayang'ana Paston. Kenaka ananena pang'onopang'ono kuti iyenso dzana anamupeza mwanayo akusinza masana kuseri kwa kauntala, ndipo anadabwa. Ha, mwana amene ankamudzutsa m'bandakucha kuti asese golosale! Koma mantha akalowa m'nyumba, aliyense amawapezera umboni.

Macpherson anaimirira n'kuitana Shalom. Mwanayo analowa, nagwada pakhomo mwaulemu. Nkhope yake inkaoneka kuti wamva zonse. Bambo ake anamuimiritsa pakati pa balaza, pamaso pa anthu onse, n'kukweza chala m'mwamba. Anamuuza kuti ayang'ane chalacho osaphethira. Shalom anayang'ana. Chala chinakhala m'mwamba, n'kukhalabe. Maso a mwanayo anadzaza misozi, zikope zinayamba kunjenjemera, ndipo potsiriza zinagwa. Macpherson anapuma mokoka. Anamuuza kuti anjute n'kudzuka, anjute n'kudzuka, asaleke mpaka atamuuza. Shalom anayamba mwamphamvu, nsapato zatsopano zija zikulira pasimenti. Anali asanadye kanthu chidzukire. Anapitiriza mpaka thukuta linatsika m'khosi, mpaka maondo anayamba kugwedera, mpaka anagwira mpando kuti adzuke. Mwana wina aliyense akanatopa, ngakhale Paston yemwe sakanafika theka. Koma Macpherson sankaona mwana wotopa. Ankaona mphasa yachiwiri.

Anabwerera m'mbuyo, n'kupukuta dzanja pa buluku.

"Atengeni onse awiri," anatero, osayang'ana munthu.

Paston anayesa kunena kuti mwina ayambe apita naye ku Mzuzu akamuone madokotala. Macpherson anati palibe chimene madokotala akamuuze chimene iye sakuchidziwa. Edith anapukusa mutu, nati nsomba ikaola imodzi zaola zonse, ndipo anakankhira chikwama cha zipi chija kumbali ya Maria ndi phazi.

Shalom anali chinjutire pakati pa balaza, akupuma mofulumira.

"Adada, ndipitirize? Ndikhoza kupitiriza."

Bambo ake anatuluka panja. Anadutsa pakhonde molambalala mphasa ya Chawanangwa, n'kutsetsereka chitunda cholowera kugombe la Chikale.

Maria anadzuka, n'kumugwira mwana wake pamkono kuti aimirire. Anali atapambana. Anafufuza mumtima mwake kuti apezemo chimwemwe, kapena manyazi, koma munalibe kanthu. Lyton pomutsanzika anamunong'oneza kuti Mulungu ndi wamkulu, ana onse abwerera ku mbumba yawo popanda kukangana ndi munthu. Anaoneka wokhutira ndithu ndi mmene anaiyendetsera nkhaniyo.

Ananyamuka Lachiwiri m'mawa. Macpherson anali atalawirira kusukulu, ati kukamaliza kuchonga mayeso, ngakhale sukulu inali yotseka. Paston anachita chifundo, anawakweza ulere mu minibasi yake mpaka pa Dwangwa, n'kuuza kondakitala kuti awasamale. Chifukwa cha kondakitala ameneyo Maria sanatsegule pakamwa njira yonse. Mawu amodzi okha akanabwerera ku Nkhata Bay madzulo omwewo.

Shalom anakhala pawindo. Masiku atatu amenewo sanalire, sanafunse kanthu, ndipo sanathamange. Potsika chitunda ndi katundu ankaponda mosamala ngati nkhalamba. Mu minibasi Maria anamuona kangapo akukweza dzanja n'kugwira chikope cha kumanzere, kuchikankhira m'mwamba ndi chala, kenaka n'kuchisiya kuti aone ngati chigwe. Anadutsa m'minda ya mphira, anadutsa Chintheche, mwanayo ali pa ntchito yomweyo.

Pa Dwangwa anatsika dzuwa lili paliwombo. Maria anadikira mpaka minibasi ya Paston itatembenuka n'kuzimiririka. Anakokera katundu pamthunzi wa golosale ina, podikirira basi ya ku Salima, Chawanangwa ali kumsana, mutu wake wotentha utatsamira pakhosi pa mayi ake. Kenaka anagwada kuti alingane ndi Shalom, n'kumugwira mapewa.

"Shalom, tamvera. Zimene ndinanena tsiku lija ndi bodza. Sukudwala. Chikope chako chilibe kanthu. Ndinanama kuti asakulande kwa ine."

Shalom anamuyang'ana nthawi yaitali, ndi maso aakulu, otseguka bwinobwino.

"Koma adada anandiyeza."

"Anangokutopetsa, mwanawe. Aliyense akanatopa."

"Adada ndi aphunzitsi a sayansi, amama. Akanakhala kuti sanaone kanthu sakanandisiya." Ananena mofatsa, ngati akuthandiza mayi ake samu yovuta. "Inu mukungofuna kuti ndisalire. Sindilira."

Maria anafuna kulumbira. Anafuna kunena kuti pali Mulungu kumwamba, iwe sudzadwala, udzakula, udzathamanga mpaka ukalamba.  Kodi ankadziwa? Chimene ananama n'chakuti waona zizindikiro. Koma ngati motowo unalidi wake, ndiye kuti unali mwa ana ake onse awiri, ndipo panalibe munthu m'dziko muno amene akanamuuza za mawa. Anakhala chigwadire, anthu ogulitsa nzimbe akuwadutsa uku ndi uku.

Shalom anadikira. Ataona kuti palibe chikubwera, anagwedeza mutu pang'ono, ngati munthu amene wayankhidwa. Anavula chikwama cha zipi n'kuchiika pa katundu, natembenuka kupereka msana.

"Mumasuleni Chawa ndimubereke ine. Ndizimubereka panopa ndikadali ndi mphamvu, inu muzipumako. Mudzatopa kwambiri tikadzakhala awiri."

Maria anayang'ana kamsana kowongoka ka mwana amene anamulanditsa. Kenaka anamasula mfundo ya chitenje.